Zimene Ndimanyamula pa Kayaki Ndikamapita Kukawedza ku Damu

Kayaki yanga ndinaigula kwa munthu wina wa ku Lusaka amene ankasamuka, ndipo inafika ku Chipata itamangidwa pamwamba pa lole ya feteleza. Ndi kabwato kapulasitiki kotalika mamita atatu ndi theka, ka mtundu umene wopalasa amakhala pamwamba osati kulowa m'kati, ndipo pansi pake pali timabowo totulutsira madzi amene akhavukira m'bwatomo. Tsiku loyamba kuitsitsira m'damu la pa famu ina ya kunjira ya ku Chadiza, anyamata oweta ng'ombe anasiya ziweto zawo n'kubwera kudzaonerera. Amalume anga, amene akhala akuwedza ndi nsungwi kuyambira ine ndisanabadwe, anayang'ana mulu wa katundu umene ndinaunjika pagombe n'kundifunsa kuti, "Kodi mphwanga, ukupita kukawedza kapena ukusamuka?"

Funsolo linali ndi maziko. Ndinali nditanyamula ndodo zinayi, mabokosi awiri odzaza ndi nyambo zopanga, ukonde wa mpini wautali wotolera nsomba, nangula wachitsulo, ndi chikwama cha zakudya. Zonsezi ndinaziphunzira pa YouTube, kumene asodzi a ku America amawedza nsomba yotchedwa bass m'nyanja za madzi oyera, atakwera makayaki odzaza ngati sitolo. Pasanathe ola limodzi zingwe ziwiri zinali zitakolana kumbuyo kwanga, kumene sindikanatha kufikako popanda kupendamitsa bwato, ndipo pamene ndinatembenuka kuti ndizikonze, chigongono changa chinakankha ndodo imodzi n'kuigwetsera m'madzi. Ndinaiona ikumira pang'onopang'ono, reel yake, chokulungira chingwe, ili patsogolo, mpaka inabisika m'matope. Madzulo ake amalume anali ndi nsomba zisanu ndi ziwiri pa kamtengo kawo kotungira, ine ndilibe ngakhale imodzi.

Kuchokera tsiku limenelo ndakhala ndikuchepetsa katundu chaka ndi chaka, ndipo muyeso umene ndimasankhira chida tsopano ndi wosiyana ndi wa m'masitolo. Ndimadzifunsa ngati ndingachifikire ndi dzanja limodzi ndili chikhalire, ndiponso ngati chikugwirizana ndi nsomba zimene zilidi m'madamu athu a kuno kummawa, zomwe kwenikweni ndi bream (nsomba zofanana ndi chambo), milamba ndi matemba. Chida chimene chalephera pa mafunso awiriwa chimatsala kunyumba, kaya ndinachigula ndalama zingati.

Ndiyambe ndi zinthu zimene sizigwira nsomba. Jekete yoyandamitsa munthu pamadzi ndiyo iyenera kugulidwa ndodo isanagulidwe, ndipo iyenera kuvalidwa osati kuikidwa kumbuyo kwa mpando, chifukwa kayaki ikamagubuduzika sipereka mpata woti munthu ayambe kufunafuna zovala. Yabwino ndi imene ili ndi matumba pachifuwa, poti m'menemo ndimasungamo pulayala, kalumo kodulira chingwe ndi wezulo. Nkhafi ndimaimangirira kubwato ndi chingwe cha mita imodzi ndi theka, ndipo ndodo iliyonse ili ndi kachingwe kake, phunziro limene ndinalilipira ndi reel yatsopano ija. Foni ndi makiyi zimalowa m'botolo lapulasitiki la chiponde lotsekeka bwino. Kumbuyo kwa mpando ndinamangirira kireti ya zakumwa ndi malegeni, ndipo m'makona mwake ndinaimikamo mapaipi awiri apulasitiki a madzi omwe amagwira ntchito yosungira ndodo. Zimenezi ndinazipeza kuno konkuno ku Down Shops ndi ku Kapata, ndipo palibe chifukwa choitanitsira zoterezi kunja.

Ndodo ndimanyamula ziwiri basi. Kutalika kwake ndi nkhani imene ambiri saiganizira mpaka atakumana nayo pamadzi. Nsomba ikakodwa, kawirikawiri imathawira pansi pa bwato n'kutulukira mbali inayo, ndipo msodzi ayenera kutambasula mkono kuti nsonga ya ndodo izungulire kumphuno kwa kayaki, chingwe chisakhule pulasitiki. Ndodo yaifupi kwambiri singafike kumeneko. Yaitali kwambiri nayo ili ndi vuto lake, chifukwa chingwe chikazengerezana kunsonga munthu sangachifikire popanda kumiza reel m'madzi, ndipo pobweretsa nsomba pafupi imavuta kuilamulira. Pa kayaki ya mamita atatu ndi theka ndapeza kuti ndodo ya mamita awiri, kapena kupitirira pang'ono, ndiyo imakwanira. Imodzi ndi yofewa ndi yopepuka, ya bream, ndipo inayo ndi yolimba msana, ya milamba. Zogwirira zazitali sizindisangalatsa, poti munthu akakhala pansi zimakodwa m'jekete nthawi iliyonse akamaponya.

Pa nkhani ya reel sindikhalitsapo. Ya saizi 2500 imakwanira pa ndodo yopepuka, ya 4000 pa yolimba, ndipo mayina monga Shimano, Daiwa ndi Okuma ali ndi mitundu yotsika mtengo imene imapirira. Chofunika kuyesa musanalipire ndi drag, kachomangira ka pamwamba kamene kamalola chingwe kutuluka nsomba ikakoka mwamphamvu. Kokani chingwe ndi dzanja, ndipo ngati chikutuluka modukizadukiza m'malo motuluka mosalala, ibwezeni pa shelefu. Pa kayaki reel imanyowa tsiku lililonse ndi madzi odontha kunkhafi, choncho ndikafika kunyumba ndimaipukuta ndi kudontheza mafuta a makina osokera pa zogudubuza zake.

Chingwe ndicho chinandisokoneza kwa nthawi yaitali. Pali cha nayiloni, chimene tonse tinakula nacho, ndiponso choluka chimene amachitcha braid. Choluka n'chopyapyala poyerekeza ndi mphamvu yake, sichitamuka, ndipo chimafikitsa kudzanja ngakhale kukhudza kochepa kwa nsomba, koma n'chodula, chimaoneka m'madzi oyera, ndipo chikakodwa pa chitsa cha pansi pa madzi chimavuta kudula. Vuto lomalizali ndi lalikulu pa kayaki kusiyana ndi pagombe, chifukwa munthu akakoka, bwato ndilo limapita kuchitsako, ndipo akakoka mwamphamvu ali chopingasa akhoza kudzigubuduza yekha. Madamu athu ambiri anamiza mitengo ndi zitsamba pamene ankamangidwa, choncho kukodwa n'kwa tsiku ndi tsiku. Ndiye pa ndodo ya bream ndinabwerera ku nayiloni yopirira kulemera kwa makilogalamu 4, imene ndimaisintha chaka chilichonse poti dzuwa limaifooketsa. Pa ndodo ya milamba ndimaika choluka cha makilogalamu pafupifupi 14, koma kumapeto kwake ndimalumikiza mita imodzi ya nayiloni yofookerapo, kuti zikavuta chiduke pamenepo ndingotaya mbedza yokha. Musamakulunge chingwe choluka pa chala pokoka, chifukwa chimacheka mnofu ngati lumo. Ine ndimachikulunga pa kamtengo.

Manambala a mbedza amayenda chobwerera: ya nambala 10 ndi yaing'ono kuposa ya nambala 4, ndipo akafika pa 1 amayamba kukwera monga 1/0, 2/0, 3/0, zomwe ndi zazikulu. Bream ili ndi kamwa laling'ono, ndipo cholakwa chimene ndimachiona kwambiri kwa anzanga a m'tauni ndi kugula mbedza zazikulu poganiza kuti akonzekera nsomba yaikulu. Nambala 8 kapena 10 ndiyo yoyenera. Kwa milamba ndimagwiritsa ntchito 2/0 mpaka 4/0, makamaka za mtundu wokhota kwambiri wotchedwa circle, umene umakola nsomba pakona pa kamwa iyo ikamachoka ndi nyambo. Ndi mbedza imeneyi munthu sakoka ndodo mwadzidzidzi, amangoyamba kukulunga chingwe mpaka chitalimba, ndipo zimenezi n'zabwino pa kabwato kamene sikakonda kugwedezeka. Choyandamitsa chabwino koposa chimene ndagwiritsapo ntchito ndi kachidutswa ka patapata wakale, kodulidwa ngati chala n'kukang'amba pang'ono kuti chingwe chilowemo. Amalume amagwiritsa ntchito phesi la chimanga, ndipo amanena kuti langalo ndi lonyada.

Tsopano ndifike pa nyambo, pamene pali mtsutso waukulu pakati pa ine ndi anzanga amene amakonda zonyezimira. Ndinene mosabisa kuti m'madamu a kuno, pa masiku ambiri a chaka, nyongolotsi imaposa nyambo yopanga ina iliyonse. Chifukwa chake chili m'kadyedwe ka nsombazo. Bream ya chifuwa chofiira, imene anzathu a ku Malawi amaitcha chilunguni ndipo Abemba amati mpende, imadya kwambiri udzu ndi zomera za m'madzi, ndipo mitundu ina ya bream imadya ndere ndi tizinthu ta m'matope. Zimenezi si nsomba zothamangitsa zinzake ngati bass ya m'mavidiyo aja. Zimadya nyongolotsi, inswa mvula ikangoyamba, ziwala zazing'ono, ndi kambamu ka nsima yokandidwa ndi gaga mpaka italimba. Ndikafika pamalo ndimayamba ndamwaza gaga wonyowa pang'ono m'mphepete mwa bango, kenako ndimabwerera m'mbuyo mamita angapo n'kudikira. Apa ndi pamene kayaki imaonetsa phindu lake lenileni, poti imandifikitsa mwakachetechete kuseri kwa bango ndi pakati pa akakombo, kumene munthu wa pagombe sangaponyeko, ndipo nyambo yake ndi yomweyo ya amalume, kungoti yafika pamalo pamene nsomba sizinazolowere kuona mbedza. Nyongolotsi ndimazikumba kudimba usiku wake n'kuzisunga m'chitini cha dothi lonyowa, chimene chimakhala pakati pa miyendo yanga chitafundidwa ndi kansalu konyowa, chifukwa dzuwa la mu Okutobala limazipha pasanathe ola ngati zasiyidwa poyera.

Komabe nyambo zopanga zili ndi nthawi yake, ndipo nthawi imeneyo ikafika zimasangalatsa kuposa china chilichonse. Kuyambira mu Sepitembala mpaka mvula isanagwe, madzi amaphwa, matope amakhazikika pansi, ndipo bream zimayamba kukonza zisa m'malo osaya n'kukhala zaukali. Pamenepo sipina yaing'ono imagwira ntchito. Sipina ndi kawaya kamene kali ndi kachitsulo kooneka ngati tsamba, komwe kamazungulira chingwe chikamakokedwa, ndipo kuzungulirako kumatulutsa kuwala ndi kunjenjemera kumene nsomba imakumva ndi mzere wa m'mbali mwa thupi lake. Yodziwika kwambiri ndi Mepps, imene inayambira ku France mu 1938, ndipo kwa bream saizi 0, 1 kapena 2 ndiyo yoyenera. M'madzi oyera ndi dzuwa lowala ndimasankha yakuda ya timadontho kapena yamkuwa, ndipo kukakhala mitambo kapena madzi akadetsedwa pang'ono ndimaika yagolide kapena yasiliva. Chinsinsi chake ndi kukoka pang'onopang'ono, mongokwanira kuti tsambalo lizungulire, ndipo munthu amadziwa kuti likuzungulira pomva kugunda kochepa kunsonga kwa ndodo. Ndikakoleka kachidutswa ka nyongolotsi kumbedza yake, nsomba zimene zimangotsatira osaluma nazo zimayamba kuluma. Sipina imapota chingwe, choncho kachitsulo kozungulira kotchedwa swivel kayenera kukhala patsogolo pake, apo ayi pakutha kwa tsiku nayiloni imakhala itapiringizika.

Timansomba topanga ta mtundu wa Rapala ndili nato tiwiri tokha, ta masentimita asanu. Mbiri yake imandisangalatsa chifukwa ndi ya munthu wosauka ngati asodzi athu: Lauri Rapala wa ku Finland anasema kansomba kake koyamba mu 1936 pogwiritsa ntchito khungwa lopepuka la mtengo, n'kukakuta ndi pepala lonyezimira, atazindikira kuti nsomba zazikulu zimasankha kansomba kamene kakusambira movulala. Pa kayaki ntchito yake yabwino ndi kukakoka kumbuyo pamene ndikupalasa kuchoka pamalo ena kupita pena, ndodo ili m'paipi. Mwa njira imeneyi ndagwirapo milamba ingapo imene inkasaka matemba pafupi ndi pamwamba. Koma timansombati tili ndi mbedza za mano atatu ziwiriziwiri, ndipo nsomba yophiriphitha pakati pa miyendo ya munthu wokhala pansi, ili ndi mano asanu ndi limodzi achitsulo pakamwa, ndi ngozi yeniyeni. Ine ndimafinya ndi pulayala timinga tonse tobwerera m'mbuyo ta pambedzazo, kuti ikandilowa m'ntchafu ituluke mosavuta. Nyambo zofewa zapulasitiki, zimene ndinagula mapaketi ambiri pachiyambi paja, zambiri zinasungunuka m'bokosi ndi kutentha zisanagwire kanthu.

Mlamba ndi nkhani ina. Umasaka ndi ndevu zake zisanu ndi zitatu ndi fungo kuposa ndi maso, choncho madzi amatope sauvutitsa, ndipo nyambo yake ndi chiwindi cha nkhuku, matumbo, katemba kakufa kapena mpukutu wa nyongolotsi. Chiwindi chimagwa msanga pambedza, ndiye ndimachikulunga ndi ulusi wosokera. Mtovu ndimauika woti uziyenda pachingwe momasuka, kuti nsomba ikanyamula nyambo isamve kulemera. Nthawi yake ndi madzulo dzuwa likamapendeka. Tsiku lina mu Novembala, mitambo itayamba kusonkhana kumapiri a kumalire, chingwe chinayamba kuyenda pang'onopang'ono ngati chakokedwa ndi mwana, ndipo nditakulunga, mphuno ya kayaki inatembenuka yokha n'kuyamba ulendo wopita pakati pa damu. Mlambawo unandikoka kwa mphindi zingapo, amalume ali pagombe akufuula kuti, "Usalimbane nawo, uleke utope wokha!" Ankanena zoona, chifukwa bwato lopepuka likamakokedwa limagwira ntchito ya drag, ndipo nsomba imadzitopetsa. Vuto linabwera utafika pambali. Mlamba uli ndi minga yolimba pa zipsepse za m'chifuwa, thupi lake ndi loterera, ndipo popeza umatha kupuma mpweya suchedwa kufooka ukatuluka m'madzi monga zimachitira nsomba zina. Ndinauponya pakati pa miyendo, ndipo unamenya chitini cha nyongolotsi n'kuchigwetsera m'madzi, kenako munga wake unandibaya pakatumba. Kuyambira pamenepo ndimayenda ndi gulovu imodzi, kachibonga kakafupi, ndi saka yonyowa imene nsomba imalowamo isanakwere m'bwato. Ukonde wa mpini wautali uja ndinaudula mpini n'kusiya wofanana ndi mkono.

Nangula wachitsulo ndinamusiya kalekale, chifukwa amakodwa m'mizu. M'malo osaya ndimazika nsungwi ya mamita awiri m'matope n'kumangirirapo bwato, ndipo m'malo akuya ndimatsitsa kathumba ka miyala, kamene kakakodwa ndimangodula chingwe osadandaula. Chingwe cha nangula chiyenera kuchokera kumphuno kapena kumbuyo kwa kayaki, osati pambali, chifukwa mphepo ikawomba bwato lomangidwa pambali limapendama. Mphepo ya mu Ogasiti ndi yokwanira kukankha kayaki kuchoka pamalo munthu asanamalize kukoleka nyambo, ndipo m'mwezi umenewo ndimatuluka m'bandakucha n'kubwerako isanakwane 10 koloko. Mu Juni ndi Julayi madzi amazizira, bream zimatsikira pansi ndipo zimadya mwaulesi, choncho sipina imatsala m'bokosi.

Anthu ambiri akamva kuti ndili ndi kayaki amandifunsa za mcheni, nsomba ya mano ngati misomali imene alendo amaitcha tigerfish, ndipo amafuna kudziwa ngati ndinapitapo nayo ku Luangwa. Zida za mcheni ndili nazo: masupuni achitsulo olemera monga Effzett, mbedza imodzi yakuthwa kwambiri m'malo mwa ya mano atatu chifukwa kamwa lake ndi la mafupa, ndi waya wa masentimita 20 mpaka 30 patsogolo pa nyambo, poti mano ake amadula nayiloni nthawi yomweyo. Koma zimenezi ndimazitenga pokhapokha ndikakwera bwato lalikulu la injini ndi anthu odziwa mtsinje, kumunsi kumene Luangwa amathira mu Zambezi. Kayaki sinapiteko ndipo sidzapitako. Mtsinje wa Luangwa ndi umodzi mwa mitsinje imene ili ndi mvuu zambiri mu Africa, ng'ona nazo zadzaza, ndipo munthu wa pa kayaki amakhala chikhatho chimodzi chokha pamwamba pa madzi, miyendo ili poyera, nsomba yovulala ikuphiriphitha pambali pake. Kuwonjezera apo, m'kati mwa malo osungira nyama a South Luangwa kuwedza n'koletsedwa. Ngakhale pa damu lachilendo sinditsitsa bwato ndisanafunse, chifukwa ng'ona zimayenda ndi madzi osefukira a dzinja n'kukhazikika pamalo pamene chaka chatha panalibe. Amene amadziwa bwino zimenezi ndi amayi ochapa ndi anyamata omwetsa ng'ombe, ndipo ndimawafunsa iwo ndikatha kupereka moni kwa amfumu kapena mwini famu. Madamu ena, monga la Lutembwe limene limapatsa mzinda wa Chipata madzi akumwa, ali ndi owayang'anira, ndipo chilolezo chiyenera kupemphedwa kwa iwo.

Palinso likodzo, limene asodzi a pa kayaki salitchula kawirikawiri. Bwato la mtundu wanga limanyowetsa wokwera kuyambira m'chiuno kutsika, ndipo madzi odekha a bango ndi akakombo ndiwo amakhala nkhono zofalitsa matendawa. Timabowo ta pansi pa mpando ndimatitseka ndi zidutswa za siponji pamene madzi ali bata, ndimavala jombo zazifupi potsitsa ndi pokweza bwato, ndipo kamodzi pachaka ndimapita kuchipatala kukayezetsa.

Chaka chilichonse boma limatseka usodzi pa madzi ambiri a m'dziko muno kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale, kuti nsomba ziswane, ndipo ngakhale pa damu la pa famu ine ndimapachika kayaki kudenga la khonde m'miyezi imeneyo, poti madzi amakhala ofiira ndi matope ndipo misewu ya kumeneko imaterera. Ndiyo nthawi imene ndimakhuthula bokosi pamphasa n'kuona zimene zinagwira ntchito. Chaka chino zotsala zakwana m'kabokosi kamodzi kolowa m'thumba la jekete: masipina anayi, timansomba tiwiri tija, mbedza za nambala 8, 10 ndi 3/0, mitovu isanu ndi umodzi, ma swivel angapo, ulusi, ndi zidutswa zitatu za patapata. Amalume atabwera ku Chipata kudzagula mbewu anakatsegula, n'kutola sipina yakuda ya timadontho tachikasu, n'kuizunguza ndi chala kwa kanthawi akuiyang'anitsitsa. Kenako anailowetsa m'thumba la malaya awo n'kunena kuti adzaiyesa pa nsungwi mu Sepitembala, ndipo anandiuza kuti ndikadzabwera ndidzawatengere ina yagolide.